Mmene Anthu Anaphunzirira Kuŵerenga Kalata ya Mtima

Chinenero chathu chimaupatsa mtima ntchito zambiri. Timati uje ngwokoma mtima, uje ngwouma mtima. Munthu amapsa mtima, amataya mtima, amalimba mtima, ndipo zinthu zikavuta akulu amatiuza kuukhazika pansi. Koma kuseri kwa nthiti zanu, chakumanzere pang'ono, kuli mtima weniweniwo, mnofu waukulu ngati nkhonya yanu, umene umagunda nthaŵi pafupifupi 100,000 tsiku lililonse popanda kupempha tchuthi. Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti chimauuza nthaŵi yogunda nchiyani? Nanga kagundidwe kake kakasokonezeka, ndani angadziŵe zisanafike poipa?

Mwinamwake ena a inu munaperekezapo agogo kapena amalume kuchipatala chachikulu, nimuona anamwino akuwamata timawaya pachifuŵa, m'manja ndi m'miyendo. Posapita nthaŵi makina analavula pepala la timabokosi tofiirira, ndipo pamwamba pake panali mzera wakuda wokwera ndi kutsika ngati mapiri ozinga Chipata. Pepala limenelo limatchedwa electrocardiogram, mwachidule ECG. Ndi kalata imene mtima umalemba wokha. Kwa ife mzerawo uli ngati mopalasa nkhuku, koma munthu wophunzira amaŵerengapo ngati mtima uli bwino kapena uli pangozi. Luso limeneli silinabwere tsiku limodzi. Panapita zaka zoposa 100, ndipo mbiri yake ikukhudzani inu achinyamata, pakuti matenda a mtima sali a nkhalamba zokha.

Zala ndi Khutu

Kwa zaka zikwi zambiri sing'anga analibe chopimira mtima koma zala zake. Asing'anga akale a ku China ndi ku Greece analemba zambiri ponena za mtsempha umene umadumpha pamkono, koma sankadziŵa bwino chimene chinali kuudumphitsa. Mu 1628 William Harvey wa ku England ndiye anasonyeza kuti mtima ndi pampu, ndi kuti mwazi womwewo umazungulira thupi lonse nkubwereranso kumtima. Mu 1816 dokotala wa ku Paris, René Laennec, pochita manyazi kuika khutu lake pachifuŵa cha mtsikana wodwala, anakulunga mapepala nkupanga kapaipi, ndipo anadabwa kumva mtima ukumveka bwino koposa. Ndimo mmene chinayambira chida chija madokotala amakoloŵeka m'khosi.

Inunso yesani tsopano lino. Ikani zala ziŵiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo ŵerengani kudumphako kwa mphindi imodzi. Kwa munthu wamkulu amene wapuma, chiŵerengero chimakhala pakati pa 60 ndi 100. Taonani ngati kudumphako kukubwera mofanana, kapena kukuthamanga nkuima, nkuthamanganso.

Komabe zala ndi khutu zili ndi polekezera. Zala zimamva mwazi utakankhidwa kale. Khutu limamva zitseko za mtima zikutsekeka. Koma lamulo limene limauza mtima kuti "gunda" silimveka ndipo siligwirika. Lamulo limenelo ndi la magetsi.

Achule ndi Galu Wotchedwa Jimmy

M'zaka za m'ma 1780, Luigi Galvani wa ku Bologna m'dziko la Italy anaona miyendo ya achule akufa ikudumpha itakhudzidwa ndi magetsi kapena ndi zitsulo za mitundu iŵiri. Mu 1791 analengeza kuti m'thupi la nyama muli magetsi akeake. Ambiri anamtsutsa, koma mu 1842 munthu wina wa ku Italy komweko, Carlo Matteucci, anasonyeza kuti kugunda kulikonse kwa mtima kumayendera pamodzi ndi kamphamvu ka magetsi. Vuto linali lakuti kuti akapime anafunikira kutsegula chifuŵa cha nyama. Ndani akanalola kung'ambidwa pachifuŵa chabe kuti apimidwe?

Yankho linapezeka pachipatala cha St Mary's ku London. Augustus Waller anazindikira kuti thupi lathu, pokhala lodzala ndi madzi amchere, limapititsa magetsi a mtima kufikira pakhungu. Mu 1887 anajambula magetsi a mtima wa munthu wamoyo kwa nthaŵi yoyamba, popanda mpeni. Anagwiritsira ntchito kachubu kagalasi kokhala ndi mercury, madzi onyezimira aja a m'zopimira kutentha kwa thupi zakale. Mtima ukagunda, mercury inkasuntha pang'ono, ndipo kusunthako kunkajambulidwa.

Waller anali ndi galu wake, Jimmy, amene pophunzitsa anthu ankamuimika miyendo ili m'mabotolo a madzi amchere. Mu 1909 nkhani ya galuyo inafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo ya Britain, kumene phungu wina anafunsa ngati kumeneko sikunali kuzunza nyama. Nduna ya boma, Herbert Gladstone, inayankha kuti galuyo sanavutike kuposa munthu amene waviika mapazi m'nyanja. Chodabwitsa nchakuti Waller mwiniyo sankakhulupirira kuti chinthu chakecho chidzagwira ntchito kwambiri m'zipatala. Mizera yake inali yosaoneka bwino, pakuti mercury njolemera ndipo inkachedwa kutsatira liŵiro la mtima.

Makina Odzaza Zipinda Ziŵiri

Pakati pa anthu amene anaonerera Waller pamsonkhano wa ku Basel mu 1889 panali Willem Einthoven, mwana wa dokotala, wobadwira ku Semarang pachisumbu cha Java mu 1860. Iye anakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Leiden ku Holland ali ndi zaka 25 chabe. Einthoven anatha zaka zambiri akuwongola mizera ya mercury ndi masamu, ndipo mu 1895 anaona kuti kugunda kumodzi kuli ndi mbali zisanu. Anazitcha P, Q, R, S ndi T. Maina ameneŵa sanasinthe kufikira lero, ku Leiden ndi ku Chipata komwe.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Pakati pa 1901 ndi 1903 Einthoven anamaliza makina akeake. M'malo mwa mercury anaika kaulusi ka mwala wa quartz kokutidwa ndi siliva, kochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu, kolendeŵera pakati pa maginito amphamvu. Magetsi a mtima akadutsa m'kaulusiko kankanjenjemera, ndipo chithunzithunzi chake chinkakulitsidwa ndi kujambulidwa papepala loyenda. Makinawo ankalemera makilogramu pafupifupi 270, kuposa matumba asanu a chimanga, ankadzaza zipinda ziŵiri, ndipo ankafuna anthu asanu owayendetsa. Wopimidwa ankakhala pampando, manja onse aŵiri ndi mwendo wamanzere zili m'ndowa za madzi amchere.

Chinthu cholemera motero sichikanapita kwa odwala, ndipo odwala kwambiri sakanapita kwa icho. Chotero mu 1905 Einthoven analumikiza chipatala cha Leiden ndi nyumba yake yofufuziramo ndi waya wa telefoni, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Wodwala ali kuchipatala, mtima wake unkalemba kalata kutali. Mu 1924 anapatsidwa mphotho ya Nobel. Mwa ndalama za mphothoyo anagaŵirako alongo aŵiri osauka a munthu amene ankamthandiza kupanga makinawo, yemwe panthaŵiyo anali atamwalira. Anadziŵa kuti mutu umodzi susenza denga.

Ena anapitiriza ntchitoyo. Ndowa zinaloŵedwa m'malo ndi timawaya tomata pakhungu, ndipo pofika mu 1942 njira imene ikugwiritsiridwa ntchito lerolino inali itakwanira: mawaya 10 amene amayang'ana mtima kuchokera kumbali 12.

Wotsogolera Kwaya

Kuti timve zimene kalatayo imanena, tiyenera kudziŵa wolembayo. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziŵiri zam'mwamba zolandira mwazi ndi ziŵiri zam'munsi zoukankha. Talingalirani kwaya ya kumpingo kwanu. Wotsogolera akakweza dzanja, oyambitsa nyimbo amayamba, ndipo pakapita kamphindi gulu lonse limapolokeza. Mtima uli ndi wotsogolera woteroyo, kagulu ka maselo kokhala pamwamba pa chipinda cham'mwamba chakumanja. Amene anayamba kukaona anali mnyamata wophunzira udokotala, Martin Flack, mumtima wa kanyama kofuka pansi konga mfuko, ndipo iye ndi mphunzitsi wake Arthur Keith analengeza zimenezi mu 1907. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Sunao Tawara wa ku Japan, akugwira ntchito ku Marburg m'dziko la Germany, anali atafotokoza kachipata ka pakati pa mtima kamene kamaimika uthenga pang'ono usanatsikire kuzipinda zam'munsi. Kuima kumeneko kumapatsa zipindazo mpata wodzala mwazi.

Tsopano yang'anani papepala paja. Choyamba pamabwera kachulu kakang'ono, P: wotsogolera wakweza dzanja, uthenga wafalikira m'zipinda zam'mwamba. Ndiyeno pali kamzera kowongoka, pamene uthenga ukudikira pachipata. Kenaka pakubwera phiri losongoka, QRS: zipinda zam'munsi zalandira lamulo lokankha mwazi. Potsirizira pali chitunda chofatsa, T, pamene mtima ukukonzekera kugunda kotsatira.

Pepalalo limayenda mamilimita 25 pa sekondi, motero timabokosi tija ndi koloko. Kabokosi kakang'ono ndi 0.04 ya sekondi, bokosi lalikulu ndi 0.2. Ngati mapiri akubwera motalikirana mofanana, ŵerengani mabokosi aakulu a pakati pa mapiri aŵiri, ndipo gaŵani 300 ndi chiŵerengerocho. Mabokosi 4 ndiye kuti mtima ukugunda nthaŵi 75 pamphindi. Mabokosi 2 ndiye 150. Woŵerenga waluso amadzifunsa mafunso omwewo nthaŵi zonse. Kodi liŵiro lili bwanji? Kodi mapiri atalikirana mofanana? Kodi phiri lililonse lili ndi kachulu kake kutsogolo? Kodi kuchokera pakachulu kufika paphiri papita timabokosi 3 mpaka 5, kapena toposa? Kodi phirilo nlopyapyala, losafika timabokosi 3, kapena nlotambalala?

Nyimbo Ikasokonezeka

Madokotala akale ankadziŵa odwala ena amene mtsempha wawo unkadumpha mopanda dongosolo lililonse, koma chifukwa chake sichinkadziŵika. Mu 1909 Thomas Lewis wa ku London, pogwiritsira ntchito makina a Einthoven, anasonyeza kuti mwa odwala otero kachulu ka P kamazimiririka, ndipo mapiri amabwera mwachisawawa. Zipinda zam'mwamba zimakhala zaleka kumvera wotsogolera, aliyense akuyambitsa nyimbo yake, ndipo m'malo mogunda zimangonjenjemera. Matenda ameneŵa amatchedwa atrial fibrillation. Ngozi yake yaikulu njakuti mwazi wosayenda bwino m'zipindazo umaundana, ndipo chibulumwa chikathaŵira kuubongo munthu amafa ziŵalo. Mankhwala oletsa mwazi kuundana amachepetsa kwambiri ngozi imeneyi, malinga matendawo adziŵike.

Nthaŵi zina vuto limakhala pachipata chija. Wotsogolera akukweza dzanja, koma uthenga sukufika. Papepala timachulu timabwera pa nthaŵi yake, mapiri akubwera pa yawoyawo, mwina nthaŵi 30 kapena 40 chabe pamphindi. Munthu amachita chizungulire, amagwa ndi kukomoka. Mu October 1958, ku Stockholm m'dziko la Sweden, dokotala Åke Senning anaika m'thupi la Arne Larsson kamakina ka batire kotumiza lamulo kumtima, kopangidwa ndi Rune Elmqvist. Koyambako kanaleka kugwira ntchito patangopita maola oŵerengeka, ndipo anaikamo kena. Larsson anasinthiridwa timakina 26 m'moyo wake, namwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, onse aŵiri dokotala ndi mmisiri atatsogola kale.

Choopsa koposa zonse ndi pamene zipinda zam'munsi ndizo zayamba kunjenjemera, kumene kumatchedwa ventricular fibrillation. Papepala sipakhalanso chulu kapena phiri, koma mzera wogwedezeka wopanda tanthauzo. Mwazi umaleka kuyenda, munthu amagwa m'masekondi oŵerengeka, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pamphindi zochepa. Mankhwala ake ndi kuuwomba mtima ndi magetsi amphamvu, amene amatontholetsa kwaya yonse nthaŵi imodzi kuti wotsogolera ayambitsenso bwino. Mu 1947, ku Cleveland m'dziko la America, Claude Beck anapulumutsa motero mnyamata wa zaka 14 amene mtima wake unasokonezeka pa opaleshoni, ataufinya ndi dzanja kwa mphindi 45. Mu 1960 madokotala a ku Baltimore anasonyeza kuti kusindikiza pachifuŵa ndi manja kumayendetsa mwazi popanda kutsegula chifuŵa. Mu 1965 Frank Pantridge wa ku Belfast anapanga makina owomba mtima oyendera mabatire a galimoto, olemera makilogramu 70, kuti aziikidwa mu ambulansi. Lerolino alipo onyamulika ndi dzanja limodzi, amene amaŵerenga okha kalata ya mtima ndi kuuza munthu wamba chochita.

Musanyengedwe ndi mafilimu amene amasonyeza dokotala akuwomba munthu amene mzera wake wangoti mya. Magetsi amakonza mtima wosokonezeka, osati umene watheratu magetsi. Nchifukwa chake mphindi iliyonse ili yamtengo wapatali.

Kwathu Kuno Kum'maŵa

Pamene Einthoven anali kulimbana ndi kaulusi kake, tauni yathu inali itangoyamba kumene, pakuti Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, inakhazikitsidwa mu 1899. Chipatala cha Mwami chinayamba mu 1927, chaka chimene Einthoven anamwalira, ndipo cha St Francis ku Katete mu 1948. Kwa zaka zambiri zipatala zathu zinatanganidwa ndi malungo, khate, chifuŵa chachikulu, ndipo pambuyo pake AIDS. Anthu ambiri ankaganiza kuti matenda a mtima nga azungu ndi anthu olemera. Komatu pali nthenda ina ya mtima imene imakonda ana a m'makomboni, kumene anthu amagona mothithikana.

Imayamba ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi kachilombo ka streptococcus, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zimapola zokha, aliyense nkuiŵala. Koma mwa ana ena, pakapita milungu iŵiri kapena itatu, asilikali a m'thupi amene anali kulimbana ndi kachilomboko amasokonezeka nayamba kuukira thupi lenilenilo. Mwana amatentha thupi, mfundo zimatupa ndi kupweteka, lero bondo, maŵa chigongono, ndipo ena manja ndi nkhope zimagwedezeka zokha. Mkati, zitseko za mtima zimatupa. Mu 1944 dokotala wa ku America, T. Duckett Jones, anandandalika zizindikiro zodziŵira nthendayi, ndipo chimodzi cha zimene madokotala amayang'ana kufikira lero chili pa ECG: mpata wa pakati pa kachulu ndi phiri umatalika.

Nthendayi ikabwerezabwereza, zitseko zimachita zipsera, zina zimaphana osatseguka bwino, zina zimadontha. Chipinda cham'mwamba chimafufuma, ndipo mapeto ake chimayamba kunjenjemera kuja Lewis anafotokoza. Chotero nthenda imene ku Ulaya imagwira kwambiri okalamba, kuno ingagwire mtsikana wa zaka 20, ndipo kaŵirikaŵiri imaonekera pamene ali ndi pakati, mtima utalemedwa ntchito. Ofufuza otsogozedwa ndi Dr. John Musuku wa ku University Teaching Hospital anapima mitima ya ana a sukulu a mu Lusaka ndi makina oonera mkati mwa mtima, ndipo mu 2018 analengeza kuti pafupifupi ana 12 mwa 1,000 alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi. Chaka chomwecho maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kulimbana nayo. Tsopano ku Lusaka kuli National Heart Hospital kumene amachita maopaleshoni a mtima, koma kumeneko ndi ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road. Penisilini wochiza zilonda za pakhosi ali pafupi kwambiri kuposa pamenepo. Amene nthendayi inamgwira kale amafunikira nyeleti ya penisilini milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri, osadumphitsa.

Mankhwala nawonso amasintha kalata ya mtima. Chloroquine ndi kwinini, zikamwedwa mopitirira muyezo, zimatalikitsa nthaŵi imene mtima umafuna kuti ukonzekere kugunda kotsatira, ndipo zingaugwetse m'kunjenjemera kwakupha kuja. Ena mwa mankhwala a TB yosamva mankhwala amachita chimodzimodzi, nchifukwa chake odwala oterowo amapimidwa ECG kaŵirikaŵiri. Kumbukirani zimenezi wina akakutsatsani mapiritsi opanda dzina pamsika.

Palinso china. Mabuku oyambirira a ECG analembedwa popima mitima ya azungu. Mu 1954 dokotala wina wa ku South Africa, dzina lake Grusin, analemba kuti mizera ya anthu akuda ambiri imasiyana ndi ya m'mabukumo m'mbali zina. Tsopano nkodziŵika kuti kusiyana kwina kotero, makamaka mwa anyamata akuda othamanga, si matenda ayi. Woŵerenga wosadziŵa zimenezi angaopseze munthu wabwinobwino. Makina amalemba chabe. Chofunika ndi munthu wodziŵa kuŵerenga mitima ya anthu ake.

Pabwalo la Mpira

Pa 29 August 2007, Chaswe Nsofwa, woseŵera wa Chipolopolo amene anali atangoyamba kuseŵerera Hapoel Be'er Sheva ku Israel, anagwa pamaseŵera okonzekera. Anayesa kumdzutsa koma zinakanika, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, pa 26 June 2003, Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anali atagwa pakati pa bwalo ku Lyon, dziko lonse likuonerera. Atapima mtembo wake anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali wokhuthala mopitirira, nthenda imene nthaŵi zambiri imayenda m'banja. Aŵa sanali anthu ofooka. Anali anyamata amphamvu koposa ambiri a ife. Tsoka silinunkha.

Koma taonani kusiyana pamene anthu ali okonzeka. Mu March 2012, Fabrice Muamba, wobadwira ku Kinshasa, anagwa poseŵerera Bolton ku London. Mtima wake sunagunde wokha kwa mphindi 78, koma anthu sanaleke kusindikiza pachifuŵa pake ndi kumuwomba ndi magetsi, ndipo anakhala ndi moyo. Mu June 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa ku Copenhagen, anamdzutsa pabwalo pomwepo, ndipo chaka chotsatira anabwerera kumpira ali ndi kamakina koyang'anira mtima m'chifuŵa mwake. Ku Italy, kuyambira mu 1982, lamulo limafuna kuti ochita mipikisano ya maseŵera apimidwe ECG, ndipo m'chigawo cha Veneto imfa zadzidzidzi za oseŵera achinyamata zinatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pazaka zoposa 20.

Ndiyeno pali Enock Mwepu, amene okonda mpira anamutcha Computer. Anali m'gulu la anyamata amene anapambana chikho cha Afirika cha osapitirira zaka 20 kuno ku Zambia mu 2017, anaseŵera ku Salzburg, ndipo mu 2021 anafika ku Brighton mu ligi yaikulu ya ku England. Mu September 2022 anadwala ali paulendo wokaseŵerera dziko lake, nagonekedwa m'chipatala ku Mali. Atabwerera ku England madokotala anapima mtima wake mosamalitsa, napeza nthenda ya kumtundu imene ikanatha kumupha akanapitiriza kuseŵera. Pa 10 October 2022 anasiya mpira ali ndi zaka 24. Dziko lonse linamva chisoni. Koma talingalirani: mnyamata amene wafika pamene ana onse otchaya mpira wa mapepala m'Kapata amalota kufikapo, akuuzidwa kuti aleke, ndipo akumvera. Kumeneko ndiko kulimba mtima. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mbali Yanu

ECG siona zonse. Mtima wodwala ungathe kulemba kalata yabwino pa mphindi imene wapimidwa, ndipo nthaŵi zina pamafunika kupima kwina. Ndiponso si kugunda kwamphamvu kulikonse kumene kuli matenda: kuthamanga, mantha, malungo, kuchepa kwa mwazi, ngakhale kuona amene mumamkonda, zonsezi zimafulumizitsa mtima wabwinobwino. Koma pali zizindikiro zimene simuyenera kuzibisa: kukomoka pamene mukuthamanga kapena kuseŵera, kupweteka pachifuŵa pogwira ntchito, kupuma movutikira pantchito imene anzanu akuichita mosavuta, kutupa mapazi, mtima kuthamanga mwadzidzidzi mutangokhala, kapena ngati m'banja mwanu wina anafa mwadzidzidzi akali wamng'ono. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Pitani kukiliniki ya Kapata kapena ina imene ili pafupi nanu, fotokozani zonse, ndipo akakutumizani ku Chipata Central Hospital musazengereze. Mng'ono wanu akadwala pakhosi ndi kutentha thupi, mtengereni kukiliniki, ndipo amalize mankhwala onse ngakhale atayamba kupeza bwino.

Munthu akagwa mwadzidzidzi, osayankha ndipo osapuma bwino, musataye nthaŵi kumthira madzi, kumkupiza kapena kufunsana kuti wamlodza ndani. Tumani wina akaitane thandizo ndi kupeza galimoto. Mgonekeni chagada pamalo olimba, ikani chikhatho pakati pa chifuŵa, dzanja lina pamwamba pake, ndipo sindikizani mwamphamvu, masentimita 5 kuloŵa mkati, nthaŵi 100 mpaka 120 pamphindi, mukumalandirana kufikira thandizo litafika. Gulu lanu lingapemphe namwino wa mumpingo mwanu kapena a Red Cross kuti adzakuphunzitseni zimenezi ndi manja.

Ndipo inu amene mumakonda sayansi ndi masamu kusukulu, kumbukirani kuti wotsogolera wa mtima anapezedwa ndi mwana wa sukulu. Makina amene ankadzaza zipinda ziŵiri tsopano amakwana m'chola, ndipo kalata imene Einthoven anaitumiza kilomita imodzi ndi theka ingajambulidwe ndi foni ku Chadiza nkuŵerengedwa ku Lusaka. Chimene chikufunika m'chigawo chathu ndi oŵerenga ambiri. Mwinamwake mmodzi wa iwo akuŵerenga tsamba lino.

Mafunso Okambirana m'Gulu

1. Kodi anthu a kwanuko amati chiyani munthu wachinyamata akagwa ndi kufa mwadzidzidzi? Nanga nkhani ino ikuti chiyani?

2. Mukanakhala Enock Mwepu, kodi nchiyani chikanakuvutani koposa pomvera madokotala?

3. Pimanani kugunda kwa mtima aŵiriaŵiri mutakhala pansi, ndiyeno mutathamanga kuzungulira bwalo kamodzi. Kodi mwapeza kusiyana kotani, ndipo kwatenga mphindi zingati kuti mtima ubwerere m'malo?